Mashati Amene Tinawonongera Asikulu Zuze

Uthenga wa imfa ya asikulu Zuze unandipeza m'minibasi ku Lusaka. Dalitso ndiye analemba pa gulu la pa foni la kalasi yathu yakale: "Asikulu atisiya lelo kuseni, ku chipatala ku Katondwe." Kenako tinayamba kufunsana mafunso ochititsa manyazi. Dzina lawo la mtundu linali ndani? Zaka anali nazo zingati? Alipo ali ndi chithunzi chawo? Zithunzi zinapezeka zisanu, koma m'zonsezo nkhope sikuoneka: aweramira makina, mapini ali pakamwa. Tinkawaona tsiku ndi tsiku, ena zaka zisanu, ena zitatu, koma chimene tonse tinkachidziwa bwino ndi dazi lawo.

Ndikulemba izi chifukwa kalasi yathu ndiyo inawalakwira kuposa makalasi onse amene anadutsa pa sukulu ija, ndipo ine ndinali patsogolo.

Asikulu Zuze anali telala. Kwathu "asikulu" ndi mmene timaitanira bambo wachikulire. Ankasokera pa khonde la sitolo yakale yotsekedwa, moyang'anana ndi geti la sukulu yathu ya sekondale pa Boma la Feira, pamene msewu wa fumbi umayamba kutsetserekera ku doko. Sanali wantchito wa sukulu, ndipo dzina lawo silinali m'buku lililonse la mu ofesi. Koma palibe mwana amene anavalapo shati yoyera ndi siketi kapena buluku la gireyi pa sukulu ija osadutsa m'manja mwawo. Tepi yopimira analibe. Akanakhala nayo sikanawathandiza, poti manambala ndi zilembo sankazidziwa. Ankang'amba chingwe ku nsalu zotsala n'kukupima nacho: mapewa mfundo, chifuwa mfundo, dzanja mfundo, chiuno mfundo. Akatero ankachikoleka pa msomali kukhoma, ndipo mtundu wa nsaluyo ndiwo unkawakumbutsa mwini wake. Sindinamvepo kuti anasokoneza zingwe za ana awiri.

Mayina athu ndikuganiza kuti ankawaiwala dala. Ine ndinali Manja-atali. Dalitso, hedi boyi wathu, anali Khosi. Chisomo, mnzanga wonenepa wokonda kuseka, anali Mabatani, chifukwa sabata silinkatha asanabwere ndi batani m'manja. Ukawauza dzina lako lenileni ankangogwedeza mutu, mawa lake n'kukuitana lomwe lija.

Mwana wa Giredi 8 sankamusokera za lero. Ankapinda nsalu yambiri mkati mwa siketi ndi m'miyendo ya buluku, kuti chaka chilichonse azingomasula pang'ono. Ankati mwana ndi dzungu, sumulimira malo ongokwana tsiku limene wamubzala. Choncho a Giredi 8 onse ankayenda ngati avala za akulu awo, ndipo teremu ikatsegulidwa pa khonde paja pankakhala mzere wa anthu amene akula pa holide. Apa ndi pamene pankayambira ndewu zawo zambiri, chifukwa ife sitinkafuna kuwonjezera. Tinkafuna kuchepetsa.

"Asikulu, phungulankoni chabe pang'ono kumendo," mnyamata ankachonderera. "Ili monga saka ya malasha."

"Ndinfuna lini," ankakana m'Chikunda chawo, osadzutsa mutu. "Ukagwa m'madzi na buluku yothina, anakuvula mbani? Ng'ona?"

Atsikana tinali ndi nzeru zathu. Tikadutsa khonde tinkapinda siketi m'chiuno kawiri kuti ifike pa maondo. Koma maso amene ankalephera kulowetsa ulusi pa singano ankaona siketi yopindidwa ili kutsidya kwa msewu. Ankakuwa anthu onse opita ku doko akumva: "Iwe Mabatani! Siketi iyo ndidasoka ndine, ndinadziwa pomwe idathera!" Tinkakwiya, tinkawanena kuti ndi achikale, tinkalumbira kuti tipita kwa atelala a ku msika. Zipi ikaduka tinkabwerera konko.

Mdani wawo wamkulu anali a Sakala, wachiwiri kwa ahedi, munthu wowonda ngati bango amene m'mawa uliwonse ankaima pa geti ndi kandodo, akukuwa mawu amodzi okha: "Pisira!" Kwa iwo mwana wosapisira shati anali atayamba kale ulendo wa ku ndende. A Sakala ankati khonde lija ndi pobisalira ana othawa makalasi, ndipo kawiri konse anayesa kuti asikulu asamutsidwe. Asikulu ankati a Sakala akudziwa kupisiritsa shati koma sakudziwa kumene shatiyo imachokera. Panali chaka china chimene awiriwa anatha teremu yonse osapatsana moni, wina pa geti wina pa khonde, pakati pawo msewu woti nkhuku imadutsa osathamanga.

Kumene mashati ankachokera ndiye nkhani yake. Panali mwambo umene sindikudziwa kuti unayamba liti. A Giredi 12 akamaliza pepala lomaliza, ankapita kukavala zakunyumba, n'kukasiya yunifomu pa khonde. Asikulu ankaichapa, kutembenuza makolala, kusintha mabatani, kuichepetsa kapena kuikulitsa, n'kuipereka kwa ana ochokera m'midzi amene makolo awo sakanatha kugula yatsopano. Makolowo ankabwera mwezi wa Okutobala kudzapimitsa ana awo, zingwe n'kumadikira pa misomali. Asikulu sankatchula mtengo. Wina ankabweretsa masau, wina nsomba zouma ziwiri, wina mphasa, wina moni wokha.

Chifukwa chake ndinachimva kamodzi kokha, tsiku lina mvula itatitsekera pa khonde. Anakulira kutsidya kwa mtsinje, cha ku Zumbo, ndipo makina aja anawaolotsa pa bwato atawakulunga mu mphasa, ali mnyamata. Sukulu anapitako masabata awiri okha. Anavala vesiti ya atate awo yofika m'maondo, anzawo anawaseka, ndipo Lolemba lachitatu anangokhotera ku mtsinje. Ankati aphunzitsi sathamangitsa kwenikweni mwana wopanda yunifomu, mwanayo amadzithamangitsa yekha. Atanena zimenezi anandituma kuti ndiwalowetsere ulusi, ndipo sanaibwerezenso nkhaniyo.

Ine ndemwe shati yanga yoyamba ya Giredi 10 inachokera pa khonde pomwepo. Ndikunena izi kuti pasapezeke wondikhululukira poganiza kuti sindinkadziwa.

Chaka chathu pa misomali panali zingwe khumi ndi chimodzi. Chimodzi, cha chitenje chofiira, chinali cha mtsikana wotchedwa Esnati, mwana wa msodzi, amene anali atangolemba mayeso a Giredi 9. Ife nkhani yake sitinkaidziwa. Atate ake anali atagwirizana ndi mayi wina wogula nsomba kuti amutenge akakhale wolera ana ku Lusaka, ponena kuti ngakhale akhoze, adzavala chiyani? Amayi ake anachonderera kuti asikulu alonjeza yunifomu. Bamboyo anati malonjezo savala. Aione yunifomuyo ndi maso ake galimoto ya nsomba isananyamuke Loweruka, apo ayi mwana akwera.

Ife nthawi imeneyo tinali otanganidwa ndi phwando lotsanzikana. Mbuzi inali itamangidwa kale kuseri kwa khitchini, sipika titabwereka. Ndiye Dalitso anationetsa pa foni mmene a Giredi 12 a m'tauni amachitira tsiku lomaliza: amalemberana mayina pa mashati ndi mamaka. Tinaona kuti ife a ku Feira tatsalira. Ine, monga mlembi wa komiti, ndinatuma kondakitala wa basi kuti atigulire mamaka ku Lusaka, akuda, ofiira ndi abuluu, aja osafufutika. Ndipo ndine ndinabwera ndi nzeru imene ndinkaiona ngati yaikulu kuposa zonse: kumsana kwa shati iliyonse tilembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZIKOMO ASIKULU ZUZE, kenako tikawapatse monga mwa mwambo. Anthu makumi anayi ndi awiri, oti angolemba kumene mayeso a sayansi, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti shati yotero adzaivala ndani. Panalibenso amene anakumbukira kuti munthu amene tikumulemberayo sawerenga.

Pepala lomaliza tinalemba Lachiwiri m'mawa. Linali dzuwa la Novembala la kwathu, loti mbuzi zimakanganirana mthunzi wa pansi pa lole. Titangotuluka, mamaka anayamba kuyenda. A Sakala anatiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Lembani vamene mufuna, mayeso yasila," anatero. "Koma mukali mukati mwa geti iyi, ndimwe ana a sukulu. Pisirani!"

Tinaseka, tinapisira, n'kupitiriza. Tinalemba mayina, manambala a foni, mitima, "usaniiwale," wina anajambula mvuu pa thumba la Chisomo. Tinalemba kutsogolo, kumsana, m'mapewa. Kenako tinatuluka pa geti tikuimba, tinawoloka msewu, ndipo titafika pa khonde tinatembenuka tonse pamodzi kuti aone misana yathu.

Makina anasiya kulira. Pa benchi panali mayi wina ndi mtsikana wowonda wovala diresi ya maluwa, atagwira pulasitiki yopanda kanthu. Asikulu anachotsa mapini pakamwa imodziimodzi.

"Manja-atali, bwera kuno. Tembenuka."

Ndinamva chala chonyowa ndi malovu chikupukuta pamsana panga.

"Ichi chinachoka?"

"Sichichoka, asikulu!" Dalitso anayankha monyadira. "Ni ija yamene sifutika olo muwashe bwanji."

"Mwalemba chiyani?"

"Talemba kuti zikomo," ndinatero. Mawu anga anali atayamba kale kuchepa.

Analoza mtsikana wa pa benchi uja. "Uyu avale zikomo?"

Mayi uja anaimirira, n'kumanga chitenje chake ngakhale sichinamasuke. "Asikulu, manje nikawauze chani atate ake? Motoka ya nsomba ni pa Chiwelu." Ndi pamene tinamva nkhani ya Esnati, mayiyo akuifotokoza osati kwa ife koma kwa khoma. Mtsikanayo sanalire. Ankangopinda pulasitiki yake ija, kuipindanso, mpaka inakhala kanthu kakang'ono m'manja.

Asikulu sanatikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatikalipira. Anatenga nsalu n'kuphimba makina masana dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sitinachionepo. Dalitso anathamangira ku mpopi ndi sopo kukayesa shati yake, ndipo anabwerako inki itafalikira, kumsana konse kuli bii. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Ndinali nditavala chifundo cha munthu uyu zaka zitatu, ndipo tsiku loti ndibweze ndinachipaka inki.

Chisomo ndiye anayamba kulira, ndipo posowa mpango anasolola shati m'siketi kuti apukutire misozi. Asikulu anadzutsa mutu.

"Iwe Mabatani, ima tenepo. Leka kupukuta!" Anagwira m'munsi mwa shatiyo, n'kuiyang'anitsitsa pafupi ndi maso. Mbali yonse imene inali yopisiridwa inali yoyera mbee. "Mwentse, sololani mashati."

Tinasolola. Aliyense anali ndi nsalu yoyera kuyambira pa lamba kutsika, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo popeza mashatiwo anasokedwa ndi iwo omwe, ataliatali oti tikuliremo, nsaluyo sinali yochepa. Anayendayenda pakati pathu akupima ndi chikhatho. Kenako anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene a Sakala anali chiimire pa geti.

"Sakala ule," anatero, "lero wandiphata basa." Ndiko kunena kuti wawagwirira ntchito.

Anatiuza mmene zinthu zinalili, mosanyengerera. Mashati asanu ndi imodzi akanatulutsa shati imodzi, kuphatikizapo makolala ndi manja amene inki sinafikeko. Koma misoko yonse inafunika kumasulidwa ndi lezala, osang'amba, ndipo iwo maso anali atatha, miyendo yotupa, sakanapalasa makina tsiku lonse. Lole yotenga ogonera pa sukulu inali kunyamuka mawa lake. Anati amene ali ndi ulendo apite, amene ali ndi manja akhale.

Lole inanyamuka ndi anthu asanu ndi anayi okha. A Sakala, osafunsidwa ndi munthu, anasiya mahositelo otsegula.

Masiku anayi amenewo ndiwo ndimawakumbuka ndikamva mawu oti sekondale. Tinkafika m'mawa kusanatenthe, titavala zakunyumba, n'kukhala pansi pa khonde ndi pansi pa msau wa pambali pake, aliyense lezala m'manja. Asikulu ankadula okha, sizasi sankapatsa munthu. Ine ntchito yanga inali kulowetsa ulusi. Dalitso, hedi boyi amene zaka ziwiri ankatilemba mayina tikachedwa, anakhala pansi m'fumbi n'kumapalasa chopondera cha makina ndi manja, asikulu akuwongolera nsalu pamwamba n'kumamukalipira: "Pang'onopang'ono, Khosi, iyi ni njinga lini!" Tinadzicheka zala, ndipo aliyense wodzicheka ankathamangitsidwa msanga kuti magazi asadonthere pa nsalu. Chala chako chinali nkhani yako.

Manja akamagwira ntchito pakamwa sipakhala chete. Tinakumbutsana za mvuu imene inadya kabichi yense wa kalasi ya zaulimi usiku umodzi, aphunzitsi n'kutipatsa mamalikisi poyang'ana zitsa. Tinakumbutsana za m'mawa umene njovu zinatseka msewu, ana a kumidzi n'kufika teni koloko, ndipo Dalitso, amene kwawo ndi kuseri kwa msika, nayenso anati anachedwa ndi njovu. Za ulendo wa mpira ku Katondwe, pamene lole inatitimira mu mchenga, osewera n'kufika atatopa ndi kukankha, n'kugonja zigoli zimene mpaka lero sitigwirizana kuti zinali zingati. Chisomo ndi Tisa, amene sanalankhulane kuyambira Giredi 10 chifukwa cha ndowa yotayika, anapatsidwa nsalu imodzi kuti wina agwire uku wina uko. Pofika Lachinayi ankadyera mbale imodzi. Anthu anapepesana zinthu zimene pa phwando la sipika sakanazitchula. Ndinazindikira kuti anthu awa ndimawakonda, ngakhale aja amene ndinkaganiza kuti sindidzawasowa, ndipo zinandiwawa kuti ndazindikira sabata yomaliza.

Mashati anatuluka asanu ndi awiri. Awiri ena anapereka anzathu amene anali ndi shati yachiwiri. Zingwe ziwiri zinatsala pa misomali, ndipo asikulu ankaziyang'ana kawirikawiri. Lachinayi masana, tikuwotcha mbuzi yathu ija kuseri kwa sitolo poti phwando linali litafera m'mazira, tinaona a Sakala akuwoloka msewu. Sitinawaonepo akuponda pa khonde lija. Anaika pulasitiki pa makina.

"Ba Zuze, aya yanichepa."

Asikulu anatulutsa mashati awiri oyera, ositidwa bwino. Anayang'ana mashatiwo, n'kuyang'ana mwini wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Yakuchepani? Imwe?"

"Nakamba kuti yanichepa."

"Khalani pansi mudye mbuzi," asikulu anatero, n'kuwasunthira mpando wawo womwe.

Shati ya Esnati ndiyo inayamba kusokedwa, koma ndiyo inamalizidwa pomaliza, chifukwa asikulu anaimasula kawiri. Inali ya zidutswa zisanu ndi zitatu. Misoko ya kutsogolo anaibisa ngati mapindo okongoletsa, wa kumsana anaupititsa pamene pamadutsa lamba wa chikwama. Siketi inali yanga, atailowetsa m'chiuno.

Loweruka m'mawa atate ake a Esnati anabwera okha, ukonde uli paphewa, mkazi wawo ndi mwana akutsatira m'mbuyo. Ku doko galimoto ya nsomba inali ikupakira. Bamboyo anatenga shatiyo, anaitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuyendetsa chala pa misoko.

"Ivi ni vigamba," anatero.

"Ni vigamba," asikulu anavomera. "Ukonde uyo uli paphewa, baba, una mfundo zingasi zomwe mudalumikiza mwekha? Udaleka kupha nsomba?"

Bamboyo anapatsa mwana wake shatiyo ndi siketi, ndipo Esnati anapita kuseri kwa sitolo ndi Chisomo. Atatuluka, atapisira bwinobwino, manja ali m'mbali, ankaoneka ngati wina aliyense wa ife tsiku loyamba: zovala zazikulu pang'ono, nkhope ya mantha. Atate ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga akafeluka?"

"Mudzabweze shati, adzavala mwana wa mwanzanu. Tsono mulekeni ayambe wafeluka yekha."

Bamboyo anakonza ukonde paphewa, n'kutsika msewu wa ku doko osatsanzika. Sitinadziwe kuti zatha bwanji mpaka pamene galimoto ya nsomba inadutsa pa khonde, mayi wogula nsomba uja ali kutsogolo, mpando wa pambali pake muli dengu. Chisomo anakuwa, batani n'kuthothoka, ndipo asikulu anatukwana pang'ono m'Chikunda, akuseka.

Anthu atayamba kubalalika, aliyense kukatenga katundu wake, asikulu anandiitana. Zidutswa zolembedwa zija anali ataziunjika pakona. Anatola chimodzi n'kundipatsa chozondoka.

"Werenga."

Ndinachitembenuza, n'kuwerenga: zikomo asikulu Zuze. Anatola china, ndinawerenga zomwezo. Chachitatu, zomwezo. Anati inki yonseyi yathera mawu oti pakamwa pamanena ulere. Kenako anandifunsa kuti pa zilembo zonsezo dzina lawo ndi liti. Ndinawalozera. Analiyang'ana, analitsata ndi chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndi lalifupi kuposa mmene ankaganizira. Anapinda chidutswacho n'kuchiika m'thumba la malaya awo. Ndinawatsanzika ndi manja awiri, ndipo anandiuza kuti ndisamayende chowerama, manja ataliatali si matenda.

Papita zaka zitatu. Kwathu ndinapitako kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri ndinangowabayibitsa ndili pa njinga yamoto, ndikuthamangira basi. Ndinkati ndidzakhala nawo bwino pa Khirisimasi.

Tinawaika Lachinayi m'mawa. A kalasi yathu tinafika khumi ndi asanu ndi awiri. A Sakala, amene anapuma ntchito chaka chatha, anayankhula m'malo mwa sukulu, ndipo pakati pa mawu anasiya, anavula magalasi, n'kukhala pansi osamaliza. Esnati pa maliro panalibe. Ali Giredi 12 chaka chino, ndipo m'mawa womwewo anali ndi pepala la masamu. Amayi ake anandiuza kuti dzulo lake anakana kudya, akuti mayeso apite, iye akaperekeza asikulu. Amene anamuletsa ndi atate ake. Anamuuza kuti, "Iwe yenda ukalembe. Manda nizakumba ndine." Ndipo anakumbadi, kuyambira mbandakucha, osalola kuti wina awalandire khasu.

Titachoka ku manda ndinapita ndekha pa khonde. Makina anali atatengedwa kale ndi mphwawo, kubwerera kutsidya pa bwato. Pa simenti panatsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inaima zaka zonsezi, ndi malo osalala pamene chidendene chawo chinkakhuza. Benchi inalipo. Winawake anali atasesa, koma m'ming'alu ya simenti munali tizidutswa ta ulusi woyera ndi pini imodzi ya dzimbiri. Mbuzi inagona pamene pankakhala mpando.

Belu linalira kutsidya kwa msewu, a Giredi 12 n'kuyamba kutuluka. Mtsikana wina wamtali anapatuka pagulu, anawoloka, n'kuima patsogolo panga, rula ndi mapensulo zili m'pulasitiki yoonekera. Ndinamuzindikira ndi misoko ya kutsogolo kwa shati. Inali itamuthina m'mapewa, ndipo mkati munalibenso nsalu yoti n'kumasula.

"Mwawaika kudala?" anafunsa.

"Tawaika."

"Pepa inali bwino," anatero, osayang'ana ine. Anayang'ana pamene pankakhala makina. "Nayankha vonse."

Anakhala pa benchi, kumapeto, pamene tinkakhala podikira kuti atiitane.